Mkanda mwautulutsa kale, bwanji mukuuwerengabe?

Pa zaka zonse zomwe ndaphunzitsa masamu, pali cholakwa chimodzi chimene chandifika pakhosi. M'thumba muli mikanda 8, yofiira 5 ndi yoyera 3. Mwapisamo dzanja kawiri osasuzumira, ndipo mkanda woyamba simunaubwezeremo. Mwayi woti yonse iwiri ikhale yofiira ndi wotani? Ndikamachonga, pepala ndi pepala ndimapeza 5/8 kuchulukitsa ndi 5/8. Abale inu, mkanda woyamba uja uli m'manja mwanu, wabwerera liti m'thumbamo?

Wofiira ukatuluka, m'thumba mwatsala mikanda 7, yofiira 4. Ndiye ndi 5/8 kuchulukitsa ndi 4/7, tipeza 20/56, kapena 5/14. Yankho lolakwika lija ndi 25/64. Mayankho awiriwa ndi oyandikana, pafupifupi 0.36 ndi 0.39, n'chifukwa chake wophonyayo sadzikayikira n'komwe. Koma tengani makadi 52 a njuga, momwe muli ma Ace anayi. Kutola ma Ace awiri motsatizana osabwezera ndi 4/52 kuchulukitsa ndi 3/51, ndiye kuti kamodzi pa 221. Mukabwezera khadi loyamba n'kusakaniza, ndi kamodzi pa 169. Kusiyana kumeneko si kwa masewera.

Komabe amene amandisowetsa tulo ndi mtsikana wina wanzeru kwambiri yemwe ndidamusocheretsa ndekha. Nditatopa ndi kubwereza, ndidapatsa kalasi lamulo lachidule: ukatola kachiwiri, chotsa chimodzi pa nambala ya pamwamba, chotsanso chimodzi pa ya pansi. Iye adaliloweza bwinobwino. Pa mayeso funso lidabwera motembenuka: woyamba wofiira, wachiwiri woyera. Adalemba 5/8 kuchulukitsa ndi 2/7. Mikanda yoyera idalipo 3, palibe ndi umodzi womwe udatuluka, koma adachotsapo umodzi chifukwa aphunzitsi adatero. Yankho linali 5/8 kuchulukitsa ndi 3/7, lomwe ndi 15/56. Nditamufunsa pambuyo pake kuti m'thumba munatsala chiyani, adayankha molondola nthawi yomweyo, kenako adangoti zii. Mwanayo nzeru anali nazo, lamulo langa ndi lomwe lidamutseka maso. Kuchokera tsiku limenelo ndimabwera ndi thumba lenileni m'kalasi, ndipo palibe amene amagwira cholembera asanandiuze zomwe zatsalamo.

Pali njira yodziyesera nokha. Yofiira yonse ndi 20/56. Yoyera yonse ndi 3/8 kuchulukitsa ndi 2/7, ndiye 6/56. Wofiira kenako woyera 15/56, woyera kenako wofiira 15/56 (iyi yachiwiriyi ambiri amaiwala). Phatikizani nambala za pamwambazo: 20, 6, 15 ndi 15. Zikwana 56 ndendende. Zikapanda kukwana, mwaphonya penapake.

Makolo, chonde musadikire kuti mayeso atsale sabata imodzi ndiye muyambe kuthamanga. Mwana wa nthawi yothaitha amangoloweza malamulo, ndipo mwaona kale zomwe kuloweza kudamuchita mtsikana uja.

Koma omwe amandinyansa zedi ndi akathyali a pa WhatsApp ndi Facebook, ogulitsa "manambala otsimikizika" a lotale. Lotale yosankha manambala 6 pa 49 ndi thumba lomwe lija: mpira ukatuluka subwereramo. Chulukitsani 6/49, 5/48, 4/47, 3/46, 2/45 ndi 1/44, mupeza kamodzi pa 13,983,816. Bodza lawo ndi cholakwa cha ana asukulu chija atachitembenuza. Amati nambala yakuti yatenga nthawi isanatuluke, ndiye sabata ino siphonya, ngati kuti manambala omwe adatuluka kale adachotsedwa mpaka kalekale. Ayi ndithu. Masewero akatha, mipira yonse 49 imabwezeredwa m'makina. Nambala yomwe idatuluka sabata yatha ndi ija yomwe yakhala chaka osaoneka, iliyonse mwayi wake wotuluka ndi 6/49, ndipo munthu amene akukulipiritsani kuti akuuzeni zina, akanadziwadi, bwenzi atagula yekha tikitiyo.