Lamulo lowombera wothawa: kumene lidachokera ndi momwe lidagwera

Usiku wa pa 3 Okutobala 1974, mayi wina wa ku Memphis, m'chigawo cha Tennessee ku America, adauza apolisi kuti wamva galasi likusweka kunyumba yoyandikana naye. Wapolisi Elton Hymon atazungulira kuseri kwa nyumbayo adaona munthu akuthamanga mpaka kukatsekerezedwa ndi mpanda wa waya. Adamuunika ndi tochi. Nkhope idaoneka, manja adaoneka, chida panalibe. Adakuwa kuti aime, koma mnyamatayo adayamba kukwera mpanda, ndipo Hymon adamuwombera kunkhongo n'kumupha. Anali Edward Garner, wa zaka 15. Adamupeza ndi madola 10 ndi kachikwama komwe adaba m'nyumbamo.

Chomwe chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti wapolisiyo sadalakwire lamulo. Lamulo la Tennessee linkalola kuchita chilichonse kuti woganiziridwa mlandu waukulu asapulumuke, bola achenjezedwe kaye.

Mizu ya lamuloli ili ku England wakale, ndipo pa nthawi yake linali ndi zifukwa zake. Kumeneko pafupifupi mlandu waukulu uliwonse chilango chake chinali chingwe. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, milandu yonyongedwa nayo idapitirira 200. Anthu ankaona kuti kupha wothawa n'kungofulumizitsa zomwe khoti likadagamula. Chinanso, ogwira akuba masiku amenewo ankanyamula ndodo ndi malupanga. Kuti uphe munthu unkayenera kumuyandikira mpaka kugwirana naye, ndipo pamenepo moyo wako nawo unali pachiswe.

Zifukwa zonse ziwiri zidatha, lamulo lidatsala. Maiko adachepetsa milandu yonyongera anthu, pomwe mndandanda wa milandu yotchedwa ikuluikulu unkangokula. Apolisi adayamba kuyenda ndi mfuti zam'chiuno, zotha kugwetsa munthu ali patali, atatembenukira kwina. Mapeto ake wakuba yemwe khoti likadamupatsa zaka zochepa kundende ankatha kufa pamsewu osaonana ndi woweruza. England yemwe adabala lamuloli adalisiya mu 1967, pomwe adalemba kuti mphamvu yogwirira munthu ikhale yoyenerana ndi momwe zinthu zilili. Koma zigawo zambiri za America zidalikakamirabe.

Bambo ake a Edward, a Cleamtee Garner, adakasuma, ndipo mlandu udayenda zaka zoposa khumi. Pa 27 Malichi 1985 khoti lalikulu la America lidagamula, oweruza 6 mbali imodzi, 3 mbali ina. Byron White, yemwe adalemba chigamulo, adati kuwombera munthu ndi njira inanso yomugwirira, choncho kuyenera kutsata malamulo oletsa kugwira anthu mopanda nzeru. Wapolisi angawombere wothawa pokhapokha pali chifukwa chomveka chokhulupirira kuti munthuyo angaphe kapena kuvulaza kwambiri wapolisiyo kapena anthu ena. White adanenetsa kuti si zoona kuti kufa kwa oganiziridwa onse kuli bwino kuposa kuthawa kwawo. Woweruza Sandra Day O'Connor adatsutsa, nati kuthyola nyumba usiku ndi mlandu woopsa ndipo wapolisi alibe nthawi yosinkhasinkha. Mantha amenewo ndi enieni, koma Hymon mwini wake adavomera kuti ankaona kuti mnyamatayo alibe chida.

Maganizo omwewa adamvekanso kwina. Mu 1990 ku Havana, bungwe la United Nations lidakhazikitsa mfundo zoti mfuti igwiritsidwe ntchito poteteza moyo, njira zina zonse zikakanika. Ku South Africa, khoti loona za malamulo aakulu lidathetsa mu 2002 ndime ya gawo 49 la lamulo loyendetsera milandu yomwe inkalola kupha wothawa, pa mlandu wa Walters.

Koma mkangano sudathere pamenepo, udangosamuka. Mu 1989 khoti lomwe lija la America lidamva mlandu wa Dethorne Graham, bambo wodwala shuga yemwe adalowa m'sitolo kufuna madzi a malalanje, n'kutuluka msangamsanga ataona mzere wautali. Wapolisi adamukayikira. Graham adamangidwa unyolo shuga atamutsikira, ndipo adabwerera kwawo phazi litathyoka. Khoti lidati mphamvu ya wapolisi iziyezedwa ndi maso a wapolisi wanzeru yemwe ali pamalopo, osati ndi nzeru za pambuyo pake. Muyeso umenewu udalembedwa kuti uteteze anthu ngati Graham, koma lero ndi womwe maloya a apolisi amautsamira kwambiri. Mlandu umazungulira pa zomwe wapolisi akuti adaona m'masekondi awiri kapena atatu, dzanja lopita m'chiuno kapena chinthu chonyezimira mumdima, ndipo winayo yemwe akadafotokoza mbali yake amakhala ali m'manda.