Mukapatsidwa gawo la ntchito ndi kontrakitala wamkulu: mafunso ndi mayankho

Kodi bwana wanga ndi ndani, mwini ntchito kapena kontrakitala wamkulu?

Ndi kontrakitala wamkulu. Tinene kuti kampani ina yapambana ntchito yomanga midadada ya sukulu ku Namwera, n'kukupatsani inu gawo lokhoma denga. Mwini ntchitoyo sanasainirane nanu chilichonse, choncho malipiro akachedwa simungakamugwire iyeyo. Denga likadontha, iye amafunsa wamkuluyo, wamkuluyo n'kubwera kwa inu.

Kampani zakunja zimakakamizidwa kugawa ntchito?

Inde. Lamulo la 2014 la bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lomwe panthawiyo linkatchedwa NCIC, limafuna kuti kampani yakunja ipereke 30 peresenti ya ntchito kwa makampani a Amalawi. Koma omwe amapatsidwa ntchitoyi ndi okhawo olembetsa ku bungweli, ndiye luso lokha silikwanira.

Tagwirizana pakamwa, kodi sizokwanira?

Sizokwanira ndithu, ndipo apa ndi pomwe amisiri athu ambiri amalirira. Lembani. Pepala linene mtengo, kuti simenti, mchenga ndi malata agula ndani, thiransipoti yopita ku Makanjira nthawi ya mvula alipira ndani, ndiponso tsiku lolandira ndalama. Chenjerani ndi mawu akuti “tidzakulipirani ifenso tikalipidwa”. Mukawavomera, mutha kudikira miyezi, anyamata anu okandya matope ali pakhomo panu m'mawa uliwonse kufuna zawo. Ine ndimaona kuti ndi bwino kugwirizana zolandira pang'onopang'ono: maziko akatha, khoma likafika pa lintala, denga likakhomedwa.

Foromani akakuuzani kuti muwonjezere khonde lomwe silinali pa pulani, musayambe kukumba asanakulembereni mtengo wake. Ngakhale uthenga wa pa WhatsApp ndi umboni, musaufufute.

Nanga ndalama zomwe amadula pa malipiro aliwonse?

Imeneyo ndi ritenshoni, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti. Amaisunga kuti khoma likang'aluka mubwerere kudzakonza. Ndi ndalama zanu, sizinapite. Funsani tsiku lomwe adzakubwezereni, lilembedwenso.

Akakana kundilipira ndipite kuti?

Yambani ndi kalata yokumbutsa ngongoleyo, musunge kope lake pamodzi ndi zithunzi za ntchito yomwe mwamaliza. Zikakanika, tsatirani njira yothetsera mikangano yomwe ili mumgwirizano wanu, kapena kasumeni kukhoti pa boma. Musazule malata kapena zitseko zomwe mwakhoma kale, chifukwa mlandu ungakutembenukireni.