Nkhuku zoyera sizikula ndi jakisoni

Ambiri amakhulupirira kuti nkhuku zoyera zija, zogulitsidwa zili ndi masabata 6 okha, amazibaya mankhwala okulitsa. Ayi ndithu. Mankhwala oterowo amafuna kubaya tsiku ndi tsiku, ndiye ndani angagwire nkhuku 5,000 imodziimodzi?

Nkhani ili pa mtundu. Kwa zaka zoposa 60 akatswiri akhala akusankha nkhuku zofulumira kukula kuti ndizo ziziswana. Ku yunivesite ya Alberta ku Canada anaweta mtundu wa 1957 ndi wa 2005 pa chakudya chofanana. Patatha masiku 56, wakalewo unkalemera magalamu 905, watsopanowo makilogalamu 4.2.

Kwinako ndi chakudya cha chimanga ndi soya chosasowa m'khola. Zomwe mlimi amathira m'madzi kawirikawiri ndi mavitamini kapena katemera wa matenda a chitopa ndi gumboro.