PHP, Python kapena Java? Funso si limenelo

Mabwana ambiri kuno ku Mzuzu akafuna system yayikulu, kaya ya sukulu, ya SACCO kapena ya kopaletivi ya alimi a khofi, amayamba ndi kufunsa kuti tilembe mu language iti (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, monga PHP, Python kapena Java) kuti anthu akachuluka isamagwe, ndipo nthawi zambiri amakhala atauzidwa kale ndi winawake kuti PHP ndi yachikale.

Language ya ku seva (kompyuta imene system yanu imakhalapo) ndi imene imagwira ntchito kuseri: inu mukadina batani pa foni, iyo imalandira pempho lanu, kukafunsa ku database (nkhokwe yosungiramo zonse za system), n'kukubwezerani yankho. Ndiye PHP akuinyozayo ndi imene ikuyendetsa Wikipedia mpaka lero, WordPress yopangira ma website ndi Moodle yophunzirira pa intaneti ndi PHP yomweyo, Facebook nayo inayamba nayo mu 2004. Instagram anaimanga pa Django, chida cha Python chomangira ma website. DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo malipoti a zipatala, ndi ya Java. Zonsezi zikunyamula anthu ochuluka kuposa amene system yanu idzawaone.

Chimene chimagwetsa ma website ambiri ndi mmene code (malangizo amene wolemba system walembera kompyuta) ikuyankhulira ndi database. Tiyerekeze tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso, page ikufuna kuonetsa ana 500, koma code ikufunsa database za mwana mmodzi, kubwerera, kufunsanso wina, maulendo 500 m'malo mofunsa kamodzi basi, ngati munthu wochoka ku Luwinga kukagula tomato mmodzi mmodzi ku msika waukulu. Onjezerani kuti table ya mu database ilibe index yothandiza kupeza zinthu msanga, palibe cache yosungira mayankho amene apezeka kale, makolo onse atsegula nthawi imodzi, seva yathedwa mphamvu. Zoterezi ngakhale mutalembanso mu Go kapena Java zidzachedwabe chimodzimodzi, ndalama zokha ndi zomwe zapita.

Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu. Mnyamata amene analemba system uja akapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Joni, adzaikonza ndani? WhatsApp inamangidwa pa Erlang, ndi language yamphamvu zedi, koma tayesani kusaka woidziwa kuno muone. Pomwe wa Laravel ya PHP, Django kapena Node.js ya JavaScript mumupeza osavutika kwambiri.

Nkhani ina ndi ya ndalama. PHP imayenda ngakhale pa hosting (malo a lendi pa seva) yotchipa, pomwe Java imafuna memory yambiri, ndipo seva zakunja timalipira m'madola, ndi mmene forex ikuvutiramu bilu imeneyi muiwerengeretu musanasaine. Ngati ntchito yanu ndi yoti anthu azichezerana pompopompo, Node.js imachita bwino posunga ma connection ambiri otsegula.

Developer akabwera ndi quotation, mufunseni kuti backup (kope lapadera la zonse za mu system) izisungidwa kuti, malipiro a Airtel Money ndi Mpamba alumikiza bwanji, komanso ngati code yonse ndi ma password a seva adzakusiyirani m'manja mwanu.