Bedi lophimbidwa ndi kalongonda si ulesi

Kuno ku Thyolo ambiri timati dimba la munthu wakhama lizioneka loyera ngati bwalo losesa. Tikaona bedi litayanga kalongonda kapena nkhungudzu timati mwini wake wagona, kapena kuti mbewuzo zikumaliza chonde cha mpiru ndi tomato.

Tazulani khobwe mmodzi muone mizu yake. Pali timibulu ting'onoting'ono. Tswanyani kamodzi ndi chikhadabo: mukapeza mkati mofiirira, ndiye kuti tizilombo tosaoneka ndi maso tikukoka nayitirojeni mumpweya, yemwe uja timamugula m'thumba la yuliya. Mbewu za mtundu wa nyemba zimabweretsa chonde.

Chomwe chimamalizadi chonde ndi mvula ya Januwale ikagwa pa dothi lamaliseche m'malo otsetsereka ngati athuwa. Madzi ofiira othamangira kumtsinje aja ndi dothi lanu lapamwamba. Ngakhale m'minda ya tiyi, akazula tiyi wakale amayamba abzala udzu wa Guatemala kuti nthaka ipume.

Pamene anthu amanena zoona ndi apa: kalongonda ukamusiya pakati pa ndiwo, amazikwera n'kuzitsamwitsa. Mubzaleni pa bedi lopuma. Akayamba maluwa mudule ndi chikwakwa, mizu isiyeni m'nthaka, masamba muwayale pamwamba. Dikirani masabata 2 kapena 3 musanaokere mbande.

Siyaniko mapando angapo a mbewu. Ofuna kudya, paja kalongonda sachita kuphika mothamanga: amafuna kuwiritsa nthawi yaitali n'kumataya madzi.