Kutsata kuchikazi sikutanthauza kuti amayi ndiwo olamula

Ambiri akamva kuti Achewa, Ayao ndi Alomwe amatsata mtundu kuchikazi, amafulumira kunena kuti kumeneko mphamvu zonse zili ndi amayi. Si choncho ayi. Mzere wa mayi umasonyeza kwawo kwa mwana, munda umene angalime ndi ufumu umene angalowe. Koma woyang'anira alongo ake ndi ana awo ndi mwamuna, mwinimbumba, amene anawo amamutcha atsibweni kapena malume. Pa ukwati, pa maliro ngakhale pa mlandu, anthu amayamba afunsa iyeyu. Ufumu nawo kawirikawiri umagwera mwana wamwamuna wa mlongo wake wa mfumu, ngakhale ntchembere zili ndi mawu amphamvu posankha.

Ilo ndi dongosolo. Zochitika tsiku ndi tsiku zimasiyana nalo: mkamwini, amene mwambo umamuona ngati mlendo, ndiye akulipira fizi, ndipo ena amatenga mkazi chitengwa achibale akalola. Mavuto amabuka bambo akamwalira, aphwake n'kubwera kudzalanda katundu ponamizira mwambo. Lamulo la Malawi la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo mkazi wamasiye ndi ana.