Mkango, siketi ndi bokosi: chiyambi cha nyumba za zinthu zakale m'matauni ang'onoang'ono

Aliyense amene analowapo m'kanyumba kosungiramo zinthu zakale m'tauni yaing'ono amadziwa mmene zinthu zimakhalira pwirikiti m'menemo. Kabati iyi muli mapale a mbiya, inayo muli mbalame zouma, pakona pali pulawo yadzimbiri, pamwamba pake chithunzi cha mkulu wandevu amene palibenso akumukumbuka. Zinakumana bwanji m'chipinda chimodzi? Yankho limabisala m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa chinthu chilichonse, pamene pamalembedwa dzina la amene anachipereka. Nyumbazi sizinamangidwe kuti zifotokoze mbiri ya tauni mwandondomeko ayi. Zinadzaza ndi zimene anthu ena ake, pa nthawi yawo, anaona kuti n'zosayenera kutayidwa.

Poyamba kutolera zinthu zodabwitsa kunali kwa anthu olemera. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Ashmolean ku Oxford, imene inatsegulidwa mu 1683, inachokera ku katundu wa Elias Ashmole, ndipo British Museum inakhazikitsidwa mu 1753 ndi zimene dokotala Hans Sloane anasiya pomwalira. Matauni ang'onoang'ono anatengera pambuyo, kudzera m'timagulu ta madokotala, abusa ndi amalonda okonda zachilengedwe.

Tauni ya Saffron Walden ku England inatsegula yake mu 1835. Mlendo amayembekezera kupezamo zipangizo za alimi a m'deralo, ndipo zilimodi, koma chimene ana amathamangira ndi mkango. Dzina lake ndi Wallace. Unabadwira ku Edinburgh mu 1812, n'kukhala m'chikwere cha George Wombwell, munthu amene ankayendayenda ndi nyama zakutchire kuonetsa anthu pa ndalama. Utafa mu 1838, chikopa chake anachikonza kuti uime ngati wamoyo. Kugwirizana kwake ndi tauniyo n'kotani? Kungoti mwini wakeyo kwawo kunali kufupi ndi kumeneko. Basi.

Mu 1845 nyumba ya malamulo ya Britain inalola makhonsolo a matauni okhala ndi anthu oposa 10,000 kutolera kamsonkho, theka la peni pa paundi iliyonse, koyendetsera nyumba zoterezi. Ndalamayo inali yochepa zedi, choncho makabati ankadzazabe ndi mphatso: msilikali wobwera kunkhondo ndi mkondo wake, mmishonale ndi chigoba, mayi wamasiye ndi katundu wa mwamuna wake. N'chifukwa chake mpaka lero tauni ya alimi imatha kukhala ndi mtembo woumikidwa wa ku Egypt. Ndipo apa mpamene pamachokera mkangano wa masiku ano wobweza zinthu kwa eni ake, poti kapepala kamatchula wopereka koma kamakhala chete pa nkhani ya mmene iyeyo anachipezera.

Nanga pulawo ija inalowa bwanji? Ganizo loti chipangizo cha munthu wamba n'choyenera kuikidwa m'galasi linakula ku Sweden. Mu 1872 mphunzitsi Artur Hazelius, akuyenda m'dera la Dalarna, anaona kuti mafakitale akumeza moyo wakumudzi, ndipo anagula siketi yaubweya yoluka pamanja. Anthu ayenera kuti anamuseka. Pofika 1891 anali atatsegula Skansen ku Stockholm, kumene anasamutsirako nyumba zathunthu za alimi, ndipo mayiko ena anatengera.

Koma kwa ine chinthu chimene chimasonyeza phindu la timanyumbati chili ku Wisbech, tauni ina ya ku England imene nyumba yake inatsegulidwa mu 1847. Muli bokosi lamatabwa la Thomas Clarkson, mwana wa m'tauni momwemo, wobadwa mu 1760. Kuyambira 1787 iye ankayenda m'madoko a Bristol ndi Liverpool kufufuza za malonda a akapolo, ndipo m'zombo zochokera ku Africa ankatolera nsalu zoluka, mbewu, tsabola, mitengo yopangira utoto ndi zinthu zachikopa. Zonsezi anaziika m'tizipinda ta m'bokosilo, n'kumalinyamula popita kumisonkhano. Ankatsegula chivundikiro pamaso pa akuluakulu kuti adzionere okha luso la anthu amene ankagulitsidwa ngati ziweto, komanso kuti panali malonda ena oti n'kuchitika popanda kugula munthu. Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807.

Bokosi lomwelo likanakhala ku London, pakati pa zinthu mamiliyoni, ambiri akanangolidutsa. Ku Wisbech munthu amawerama n'kuyang'ana kachipinda kalikonse, kansalu kofwifwa apa, timbewu touma apo, ndipo akatuluka panja amayenda pang'ono n'kukapeza chipilala chachitali chokumbukira Clarkson chitaima pafupi ndi mlatho wa pa mtsinje wa Nene.